Njinga pa Chikweza: Mkangano wa de Vivie ndi Desgrange

Palibe malo amene amatsitsa ulemu wa wopalasa njinga ngati chikweza. Pachidikha munthu ayenda monga mfumu, oyenda pansi nampatukira. Koma msewu ukangoyamba kukwera liwiro lija lizilala, mpweya uperewera, miyendo ilemera, kufikira mwini njinga atsika nayamba kukankha chinthu chimene adachigula kuti chizimnyamula. Anthu ambiri amayesa kuti umo ndimo njinga idapangidwira, ndi kuti palibe china chochita. Koma mbiri isonyeza kuti nkhani ya njinga ndi phiri idautsa mkangano waukulu m'dziko la France, umene udatha zaka pafupifupi 50 usanaweruzidwe. Atsogoleri ake adali amuna awiri, onse okonda njinga, onsenso odziwa kulemba: Paul de Vivie ndi Henri Desgrange. Funso limene lidawasiyanitsa lidali ili: kodi munthu amene wafika pamwamba pa phiri mothandizidwa ndi chida, wapambana kapena wabera? Funso limeneli silili la opalasa okha ayi, pakuti aliyense amene ntchito yake ndi kuthandiza ena pa zinthu zovuta akomana nalo.

Chimene chilemetsa chikweza

Mkanganowu sungamveke munthu asanadziwe chimene chichitika pachikweza. Pamalo athyathyathya wopalasa alimbana ndi zinthu ziwiri, ndizo mphepo ndi kukhuzana kwa matayala ndi nthaka. Pachikweza pawonjezeka ntchito yachitatu yoposa zinazo, ndiyo kunyamula thupi lake, njinga yake ndi katundu wake kunka nazo m'mwamba. Amisiri a misewu amayeza chikweza pofunsa kuti msewu ukwera mamita angati pa mamita 100 alionse. Chikweza cha 5 pa 100 munthu wathanzi achimaliza ali pachishalo. Cha 10 pa 100 chitsitsa ambiri. Cha 20 pa 100 ngakhale woyenda pansi achikwera atagwira m'mawondo.

Njinga za m'zaka za m'ma 1870 zidali ndi zopalasira zake pagudumu lakutsogolo penipeni, kotero kuti kupalasa kamodzi kudali kuzunguza gudumu kamodzi. Pofuna liwiro amisiri adalikulitsa gudumulo kufikira mita imodzi ndi theka, wokwerapo nakhala ngati ali patsindwi. Njinga yotere inkavuta pokwera ndipo inkaopsa potsika. M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa mumzinda wa Coventry ku England adatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu osasiyana kwenikweni msinkhu, yoyendetsedwa ndi unyolo, umene ambiri amautcha tcheni. Patapita zaka zitatu, mu 1888, John Boyd Dunlop, sing'anga wa ziweto wokhala ku Belfast, adapanga tayala lopopa mpweya. Njinga imene idziwika m'midzi ndi m'misika idachokera pa ntchito ya anthu awiri amenewa.

Nzeru ya unyolo ili m'mano. Unyolowo ulumikiza gudumu la mano lalikulu, la pa zopalasira, ndi kagudumu ka mano ka kumbuyo. Gudumu la njinga wamba liyenda pafupifupi mamita 2.2 likazungulira kamodzi. Ngati gudumu la mano lalikulu lili ndi mano 48 ndipo kakumbuyo kali ndi 16, kupalasa kamodzi kuzunguza gudumu katatu, njinga niyenda mamita 6.6. Pachidikha zimenezi nzokoma. Koma pachikweza cha 10 pa 100, mamita 6.6 amenewo atanthauza kuti pa kupalasa kamodzi miyendo iyenera kukweza munthu ndi njinga yake masentimita 66. Kagudumu kakumbuyo kakakhala ndi mano 24, njinga iyenda mamita 4.4 nikwera masentimita 44 okha. Phiri silinafupike, ndipo ntchito yonse ili chimodzimodzi. Koma yagawidwa m'timitolo timene mwendo ungathe kusenza. Ichi ndicho chitchedwa giya. Chilema cha njinga zoyamba za unyolo chidali chakuti giya yake idali imodzi: wosankha ya chidikha ankalira paphiri, ndipo wosankha ya phiri ankasiyidwa pachidikha.

Paul de Vivie

Paul de Vivie adabadwa mu 1853 ku Pernes-les-Fontaines, kumwera kwa France. Ntchito yake yoyamba idali malonda a nsalu za silika. Koma atalawa njinga ali ndi zaka 28, mtima wake udachoka pa nsalu. Adatsegula sitolo mumzinda wa Saint-Étienne, kumene ankagulitsa njinga zochokera ku Coventry, kenaka nayamba kupanga zakezake. Mu 1887 adayambitsa magazini yotchedwa Le Cycliste, momwe ankalemba ndi dzina lakuti Vélocio.

Saint-Étienne ndi mzinda wozingidwa ndi mapiri. Msewu wotuluka kunka cha kumwera ukwera kufika pampata wa phiri wotchedwa Col de la République, mamita 1,161 pamwamba pa nyanja yamchere. Nkhani imene ikambidwa njakuti tsiku lina mu 1889 de Vivie, alikulimbana ndi chikweza chimenechi, adapitiriridwa ndi mmodzi wa owerenga magazini yake, amene ankakwera mosatekeseka, kaliwo ali kukamwa. Munthuyo sadali wamphamvu kuposa iye. Giya ya njinga yake ndiyo idali yaing'ono. De Vivie adaona kuti akatengera giya yomweyo adzasauka pachidikha. Tsono adaika magudumu a mano awiri osiyana kukula panjinga imodzi, namasuntha unyolo ndi dzanja pofika patsinde pa phiri. Kuchokera pamenepo iye ndi amisiri ena adayesa njira zambiri, kufikira padapezeka chida chokankhira unyolo kuchoka pa kagudumu kena kunka pa kena munthu ali chipalasire. Afalansa adachitcha dérailleur, ndiko kunena chochotsa panjanji. Ku England nako amisiri adatsata njira ina, ndipo mu 1902 kudatuluka magiya atatu a Sturmey-Archer, obisika m'kati mwa habu ya gudumu lakumbuyo.

De Vivie sadali munthu wa mpikisano. Chimene ankafuna nchakuti munthu wamba, wachikulire kapena wamkazi, athe kuyenda ulendo wautali naona dziko, phiri osamtsekereza. Omtsatira ankawalangiza kuti azidya njala isanawapweteke, azimwa ludzu lisanawagwire, ndi kuti asamadzikakamize kufikira thupi litakana chakudya ndi tulo. Mu 1902 bungwe la Touring Club de France lidayesa njinga za mitundumitundu m'mapiri a Pyrenees, ndipo mayi wina dzina lake Marthe Hesse adakwera Tourmalet panjinga ya magiya atatu osaponda pansi. Kwa de Vivie umenewu udali umboni wokwanira.

Henri Desgrange

Kwa Henri Desgrange sudali umboni ayi. Iyeyu adabadwa ku Paris mu 1865, ndipo paunyamata wake adali katswiri wa liwiro. Mu 1893 adapalasa makilomita 35.325 mu ora limodzi m'bwalo la mpikisano ku Paris, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho chiyamba mndandanda wa akatswiri a ora limodzi. Pambuyo pake adakhala mkonzi wa nyuzipepala ya masewera yotchedwa L'Auto. Atamva za Marthe Hesse adalemba kuti magiya osinthasintha ayenera anthu opitirira zaka 45, kuti nkwabwino kupambana ndi mphamvu ya minofu kusiyana ndi kupambana ndi chenjerero la chida, ndi kuti anthu adayamba kufewa. De Vivie chaka chimenecho adali ndi zaka 49.

Mawu a Desgrange akadatha ngati mawu ena onse a m'nyuzipepala, koma chaka chotsatira munthuyu adapeza bwalo lowasandutsira lamulo. Pofuna kuti L'Auto igulidwe kwambiri, iye ndi anzake adayambitsa mpikisano wozungulira dziko lonse la France, wotchedwa Tour de France. Woyamba udayamba pa 1 Julaye 1903, wa makilomita 2,428 ogawidwa m'zigawo 6. Adanyamuka anthu 60, natsiriza 21, ndipo wopambana adali Maurice Garin. Chigawo chachiwiri chidadzera pa Col de la République pomwe paja, pakhomo pa de Vivie. Mu 1905 mpikisano udakwera phiri la Ballon d'Alsace, lofika pafupifupi mamita 1,200, ndipo René Pottier ndiye adayamba kufika pamwamba. Eni nyuzipepala adaona msanga kuti owerenga akonda nkhani za paphiri kuposa za pachidikha, chifukwa paphiri mpamene wamphamvu ndi wofooka asiyana poyera.

Tsiku la 21 Julaye 1910

Amene adakakamiza Desgrange kuti mpikisano ulowe m'mapiri aatali a Pyrenees, m'malire a France ndi Spain, adali mthandizi wake Alphonse Steinès. Desgrange adazengereza, pakuti njira za kumeneko zidali za abusa a nkhosa ndi odula mitengo, zamiyala ndi matope, ndipo m'nkhalango zake mudali zimbalangondo. Adatuma Steinès kuti akaone ndi maso. Steinès adakwera Tourmalet pagalimoto, koma kutatsala makilomita 4 kuti afike pampata, chipale chofewa chidatseka njira, woyendetsa nabwerera. Iye adapitirira wapansi dzuwa litapendeka. Mdima udamgwera, adasokera, ndipo anthu amene adatuluka kukamfuna adampeza cha m'ma 3 koloko usiku pafupi ndi mudzi wa Barèges, chisanu chitamlowa m'mafupa. Kutacha adatumiza lamya kwa Desgrange yonena kuti wadutsa Tourmalet, kuti msewu ngwabwino kwambiri, ndi kuti opalasa adzadutsa popanda chovuta. Bodza limeneli ndilo lidatsegula mapiri.

Pa 21 Julaye 1910 opalasa adanyamuka ku Luchon nthawi ya 3:30 mbandakucha, ulendo wa ku Bayonne, mtunda wa makilomita 326. Panjira padali mipata inayi yotsatana: Peyresourde wa mamita 1,569, Aspin wa mamita 1,489, Tourmalet wa mamita 2,115, ndi Aubisque wa mamita 1,709. Kutalika kwa Tourmalet sikusiyana kwenikweni ndi nsonga ya phiri la Zomba. Kuchokera m'mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, umene uli patsinde pake, msewu ukwera mamita oposa 1,200 pa makilomita 17, ndiko kunena kupitirira 7 pa 100 ulendo wonsewo, wopanda popumira.

Pa Tourmalet padalimbana amuna awiri, Octave Lapize ndi Gustave Garrigou. Lapize, mnyamata wa zaka 22, ankati akapalasa pang'ono, natsika kukankha, nakweranso. Ndipo ndi njira imeneyi adayamba iye kufika pamwamba. Garrigou adakana kutsika. Adafika pambuyo, koma ali pachishalo chikhalire, nalandira mphotho ya mafalanki 100 chifukwa cha chimenecho. Pa Aubisque oyang'anira mpikisano adadikira nthawi yaitali, mitima ili m'mwamba, osaona munthu. Woyamba kutulukira adali François Lafourcade, wopalasa wosatchuka wa m'dera lomwelo. Patapita kanthawi adafika Lapize, wotheratu, ndipo poona oyang'anirawo adawatcha ambanda, nanena kuti asiya mpikisano. Sadasiye. Adatsika phirilo, napeza Lafourcade, nafika ku Bayonne woyamba atakhala panjira maora 14 ndi mphindi 10. Chaka chimenecho adanyamuka anthu 110, natsiriza 41, ndipo wopambana adali Lapize yemweyo. Adafa mu 1917 pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndege imene ankayendetsa itaomberedwa.

Pano pali chinthu choyenera kuchiona. Phiri limene katswiri wa dziko lonse la France adalikwera chokankha, mayi uja adali atalikwera ali pachishalo zaka 8 m'mbuyo mwake. Nzoona kuti Lapize ankathamangitsana ndi anzake, ndipo adali atadutsa kale mipata iwiri m'mawa womwewo. Komabe chachikulu chimene chidawasiyanitsa chidali mano a timagudumu. Desgrange sadagwedezeke. Kuzunzika kwa opalasa ndiko kudali nkhani imene owerenga ankagula, ndipo mu 1911 adawonjeza Galibier, mpata wa m'mapiri a Alps wopitirira mamita 2,500.

Kutembenuza gudumu

Chimene akatswiri ankaloledwa m'zaka zimenezo chidali timagudumu ta mano tiwiri, kena mbali iyi ya gudumu lakumbuyo, kena mbali inayo. Pofika patsinde pa phiri munthu ankatsika, namasula manati, nachotsa gudumu, nalitembenuza, nabwezera unyolo, namanganso. Pamwamba pa phiri ankachita chimodzimodzi. Ochenjera ankadikira kuti mnzawo atsike, ndipo pomwepo nkuthawa.

Lamulo lina la Desgrange lidali lakuti njinga ikaonongeka mwini wake aikonze yekha, wopanda womthandiza. Mu 1913 Eugène Christophe, amene adali pafupi kutsogolera mpikisano wonse, adathyokeredwa foloko potsika Tourmalet. Adasenza njinga nayenda nayo pafupifupi makilomita 10 kufika ku Sainte-Marie-de-Campan, kumene adapeza chipala cha wosula zitsulo. Wosulayo ankangomlangiza ndi pakamwa, oyang'anira ali chilili kupenyerera. Christophe adasula yekha. Koma popeza manja ake onse adali otanganidwa, dzanja lina nyundo, lina chitsulo, kamnyamata kena kadampukusira mvukuto. Chifukwa cha mvukutowo adamlipiritsa mphindi 10, pamwamba pa maora pafupifupi 4 amene adataya tsikulo. Adatsiriza mpikisano ali wa nambala 7. Nkhani imeneyi ionetsa mtima wa Desgrange poyera: kwa iye thandizo lililonse, la munthu kapena la chida, lidali kuchotsera ulemu wa wopambana.

Koma amisiri sadagone. Ku Italy akamba za Tullio Campagnolo, wopalasa wa ku Vicenza, amene pa mpikisano wina m'nyengo yachisanu adafika pa chikweza cha Croce d'Aune zala zitauma ndi kuzizira, nalephera kumasula manati kuti atembenuze gudumu, anzake nampitirira. Mu 1930 adalembetsa chida chomasulira gudumu ndi dzanja limodzi, ndipo mu 1933 adayambitsa kampani imene idadzatchuka ndi magiya a njinga za mpikisano. M'zaka zimenezo alendo wamba oyenda panjinga ankakwera mapiri ndi magiya, pamene akatswiri a m'magulu akuluakulu a Tour de France ankatsikabe kutembenuza magudumu m'mphepete mwa msewu.

Chigamulo cha 1937

De Vivie sadaone mathero a mkanganowu. Adamwalira mu 1930, ali ndi zaka 76, atagundidwa ndi sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda ku Saint-Étienne. Desgrange adagwirabe lamulo lake kufikira matenda adamgwetsa pakati pa mpikisano wa 1936, udindo nupita kwa Jacques Goddet. Mu 1937 chida chosuntha unyolo chidaloledwa kwa opalasa onse, ndipo wopambana chaka chimenecho adali Roger Lapébie. Desgrange adamwalira mu 1940.

Chimene iye ankaopa, chakuti phiri lidzasanduka masewera a ana, sichidachitike. Munthu amene wapatsidwa giya yaing'ono pa mpikisano sapumula nayo. Apalasa mofulumira kufikira mpweya umthera chimodzimodzi. Ndiponso okonza mipikisano, poona kuti zikweza zakale zakwereka, adafunafuna zoposa. Mu 1952 Tour de France idakwera koyamba msewu wa Alpe d'Huez, wa makilomita 13.8, wokwera 8 pa 100, wa makona 21 opindika ngati chigongono. Msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia uli ndi makona otere 20. Wopambana tsikulo adali Fausto Coppi wa ku Italy. Mu 1960 okonza mpikisano wa Giro di Lombardia adaika kanjira kotchedwa Muro di Sormano, ndiko kunena khoma la ku Sormano, kosafika makilomita 2 koma kokwera kupitirira 15 pa 100, ndipo pena kufika 25 pa 100. Akatswiri ambiri adatsika kukankha, ena nakankhidwa ndi openyerera, kotero kuti patapita zaka zitatu kanjirako kadachotsedwa, ndipo kadabwereranso mu 2012. Ku Spain mpikisano wa Vuelta a España udakwera Angliru koyamba mu 1999. Pamalo pena msewu wake upitirira 23 pa 100. Zikweza zotere zidayamba kukwereka pamene njinga zidakhala ndi timagudumu tambiri kumbuyo. Za mpikisano za m'zaka za m'ma 2020 zidafika pa timagudumu 12.

Ulemu wa wokwera phiri nawo udakula. Kuyambira 1933 Tour de France ipereka mphotho yapadera kwa wopambana m'mapiri, ndipo woyamba kuilandira adali Vicente Trueba wa ku Spain, kamunthu kakang'ono kamene ankakatcha nthata ya ku Torrelavega. Kuyambira 1975 wotsogola m'mapiri avala malaya oyera a madontho ofiira. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea adakhala munthu wakuda woyamba wa mu Africa kuvala malaya amenewa.

Pali malire amene giya singawasunthe. Pa 13 Julaye 1967, tsiku lotentha kwambiri, Tom Simpson wa ku England, katswiri wa dziko lonse lapansi wa chaka cha 1965, adagwa pafupi ndi nsonga ya Mont Ventoux, phiri la miyala yoyera la mamita oposa 1,900, lopanda mthunzi kumtunda kwake. Adafa tsiku lomwelo ali ndi zaka 29. Madokotala adapeza m'thupi mwake mowa ndi mankhwala obisa kutopa, amene adamletsa kumva thupi lake likumchenjeza. Phiri limenelo lioneka bwino kuchokera ku Pernes-les-Fontaines, kwawo kwa munthu uja ankalangiza kuti wopalasa asamadzikakamize kupitirira pamene thupi lakana.

Kuyeza mlandu

Woweruza mlandu wa amuna awiriwa asafulumire kuyesa Desgrange chitsiru. Mantha ake ena adali ndi pogwira. Ankaopa kuti mpikisano udzasanduka wa makampani opanga njinga, wopambana nakhala amene ali ndi thumba lalikulu kumbuyo kwake. Nchifukwa chake mu 1930 adathetsa magulu a makampani, naika magulu a maiko, napatsa akatswiriwo njinga zofanana zachikasu. Adadziwanso kuti pali chinthu chimene munthu aphunzira pa chikweza chimene sangachiphunzire pachidikha. Kulakwa kwake kudali kuyesa kuti kuvutika ndi kulimbika nchinthu chimodzi. Christophe sadakhale wolimba mtima koposa chifukwa chokanizidwa mvukuto, ndipo Coppi sadachepe chifukwa chokhala ndi magiya.

De Vivie adaona chimene mnzakeyo sadafune kuona, ndicho chakuti giya sichotsa ngakhale mita imodzi ya phiri. Wokwera Tourmalet ndi giya yaing'ono anyamula thupi lake mamita omwewo. Asiyana ndi mnzake pakuti iye apalasa kambiri, pang'ono pang'ono, pamene winayo afuna kumeza zonse kamodzi. Akulu adati pang'ono pang'ono ndi mtolo. Njinga zakuda za giya imodzi, zimene zisenza makala ndi matumba a chimanga m'misewu ya ku Malawi, zidakali pomwe padali mkangano de Vivie asanauyambe. Ndipo munthu wokankha njinga yotere pachikweza sali waulesi. Masamu a mano ndiwo amtsitsa.

Mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale angatengepo ziwiri pa mbiri imeneyi. Choyamba nchapafupi. Njinga imodzi yogonekedwa chagada pabwalo la sukulu ikwanira phunziro lathunthu la masamu. Ana awerenge mano a gudumu lalikulu ndi a kakumbuyo, alembe chizindikiro ndi choko patayala, azunguze zopalasira kamodzi, naone kuti chizindikirocho chadutsa kangati. Kenaka agawe mano ndi mano, nayerekeze yankho ndi chimene maso awo aona. Akayeza kuzungulira kwa tayala ndi chingwe, adzapeza okha mtunda wa kupalasa kamodzi, ndipo adzatha kunena chifukwa chake atate awo amatsika pa chikweza cha kumsika.

Chachiwiri nchozama. M'kalasi iliyonse muli zikweza: kugawa kwakutali, tizigawo ta nambala, kuwerenga chinenero chachilendo. Mwana akaima pa chimodzi cha zimenezi, mphunzitsi wa mtima wa Desgrange amuuza kuti alimbike, namsiya ndi giya yomweyo, poyesa kuti kumthandiza nkumfewetsa. Ana owerengeka amphamvu adzafika pamwamba monga Garrigou, ndipo ambiri adzatsalira panjira monga aja 69 a mu 1910. Mphunzitsi wina, pomva chifundo, angofupikitsa phiri, nalumpha phunziro lovutalo. Ameneyunso walakwira mwana, pakuti mayeso ndi moyo sizidzafupikitsa. Njira ya de Vivie njakuti phunziro likhale lonse, koma ligawidwe m'masitepe amene mwendo wa mwanayo ungathe, ngakhale masitepewo achuluke ndipo nthawi ipite. Kudziwa msinkhu wa sitepe yoyenera mwana uyu ndi uyo ndiyo mbali yaikulu ya luso la uphunzitsi.

Amuna awiriwa onse ali ndi zipilala zowakumbukira, ndipo zonse zili pazikweza: cha de Vivie pa Col de la République, cha Desgrange pafupi ndi nsonga ya Galibier. Akatswiri amene adutsa pa chipilala cha Desgrange amapikisana mu mpikisano umene iye adayambitsa, ndipo woyamba kufika pampatapo amalandira mphotho ya dzina lake. Koma njinga zimene akwera nazo nzosintha magiya, monga de Vivie adafunira.